Msomali wa Wotchi ndi Nyemba za Anamasamba

Pa 2 Januwale 2017, Anamasamba adabwereka hamala kwa aneba, nakhoma msomali pakhoma la pabalaza, pamwamba pa kalendala, moyang'anizana ndi chitseko. Msomaliwo udali wa wotchi. Wotchiyo idali isadabwere, ndipo padali patatsala chaka chathunthu ndi masiku awiri kuti ibwere, koma iwo adati ndi bwino idzapeze malo ake ali okonzeka. Ku yunivesite komwe ankagwira ntchito yosesa kudali lamulo lakale: wantchito amene wakwanitsa zaka makumi atatu popanda kalata yochenjeza m'fayilo mwake ankaitanidwa kutsogolo mu holo yaikulu, n'kupatsidwa satifiketi ndi wotchi yapakhoma yolembedwa dzina lake. Anamasamba adayamba ntchito Lolemba pa 4 Januwale 1988, ndipo fayilo yawo idali yoyera mbee.

Adabadwa pa 11 Malichi 1958, wachitatu mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu adalekezera kalasi yachinayi. Mu 1979 adakwatiwa ndi dalaivala wa lole ya pa yunivesitepo, ndipo tsiku limene ankachoka kwa makolo awo, amayi awo adawamangira nyemba zodzaza manja awiri pakansalu. Zidali nyemba zoyanga, zamawangamawanga ngati dzira la mbalame, zimene zimapsa msanga pamoto ndipo sizigonja msanga ku dzuwa. Amayiwo sadalankhule zambiri. Adangoti, "Uzidya zotsala. Zambewu uziyamba wapatula." Chaka ndi chaka Anamasamba ankadzala nyembazo m'mbali mwa mpanda wa nyumba iliyonse ya lendi imene adakhalamo, ndipo adakhalamo m'nyumba zisanu ndi imodzi.

Amuna awo adamwalira pa 22 Ogasiti 1987, nawasiyira ana atatu. Mng'ono wa malemuwo, amene pa nthawiyo ankatchetcha udzu pa yunivesite pomwepo, adazungulira maofesi miyezi inayi, chipewa chili m'manja, mpaka mlamu wakeyo adapatsidwa tsache, wilibala ndi yunifolomu yobiriwira. Gawo lawo lidali msewu wa mitengo ikuluikulu wochokera ku laibulale kukafika kumalabu.

Dzina loti Anamasamba lidachokera kumeneko. Lamulo lidali loti masamba asesedwe, aunjikidwe, atenthedwe. Iwo adatentha zaka zitatu, akutsokomola utsi ndi kudandaula chamumtima. Mu 1991 adaleka. Kuseri kwa malabu kudali dzenje lalikulu limene omanga adasiya atakumba dothi, ndipo iwo adayamba kukankhira wilibala kumeneko m'mawa uliwonse. Mlamu wawo uja, amene tsopano adali atakwezedwa kukhala kapitawo wa antchito apanja, adawapeza tsiku lina akukhuthula.

"Alamu, kodi machesi akusowa kwanuko? Ndikugulireni?"

"Agule ndinu, mukatenthere malaya anuwo. Masamba anga asiyeni."

"Akandifunsa akuluakulu kuti utsi uli kuti, ndikati chiyani?"

"Mukati mlamu wanga amatentha mopanda utsi. Ndi wophunzira."

Kapitawo adaseka, napita. Nkhani idathera pomwepo, ndipo dzenjelo lidadya masamba zaka makumi awiri ndi zinayi popanda wolifunsa.

Loweruka pa 5 Seputembala 2015 kudabwera ophunzira a zaulimi okwana makumi awiri, ali ndi makasu atsopano onyezimira. Adali atapempha malo oti alimepo dimba lophunzirira ulimi wosadalira feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala, ndipo akuluakulu adawapatsa malo amene palibe ankawafuna: kuseri kwa malabu, pamene padali zidutswa za njerwa ndi simenti youma. Makasu ankangodumpha. Mtsikana wina wamtali, wowonda, wa chaka choyamba, adatuluka matuza m'manja asadakumbe ngakhale phando limodzi. Anamasamba adaimitsa wilibala, nawayang'ana kanthawi.

"Ana inu, mukufuna kudzala njerwa?"

"Tikufuna nthaka, amama," adayankha mtsikana uja. "Mabuku akuti ilipo pansi pake."

"Mabukuwo aikeni apo, munditsate."

Atafika padzenje, adapisa dzanja pansi pa masamba a chaka chimenecho, natulutsa dothi lakuda bii, lofewa, nyongolotsi zikupiringizika pakati pa zala. Mphunzitsi wa zanthaka amene adabwera ndi anawo adalinunkhiza, nafunsa kuti adapanga ndani. Anamasamba adati lidadzipanga lokha, iwo adangokana kulitentha.

Dimba lidayamba motero. Pofika 2017 lidali ndi mabedi makumi atatu ndi awiri, thanki yamadzi, mpanda wa waya ndi chikwangwani pachipata cholembedwa kuti dimbali ndi la ophunzira ndi anthu ozungulira. Loweruka lililonse alonda ankatsegula geti laling'ono la kumbuyo, ndipo amayi ndi abambo a m'makwalala oyandikana ankalemba maina m'buku, n'kulowa kudzapalira ndi kuthirira. Amene wagwira ntchito ankabwerera ndi ndiwo zamasamba, anyezi kapena tomato. Zotsala zinkapita kwa ophunzira amene mwezi ukafika pakati ankayamba kudya kamodzi patsiku. Mtsikana wamatuza uja adali atasankhidwa kukhala wapampando, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Tcheya.

M'chaka chomwecho cha msomali, nyemba za Anamasamba zidatsala pang'ono kutheratu. Mu Epulo adapita kukadwazika mwana wawo wamkazi amene adachira movutikira, ndipo adakhalako milungu isanu. Pobwera adapeza chitsekerero cha botolo la mbewu chitang'aluka, m'kati muli fumbi ndi anankafumbwe okhuta. Adakhuthulira zonse m'lichero, nakhala pakhonde masana onse akusankha imodziimodzi. Zopanda bowo zidapezeka makumi asanu ndi atatu, kudza zitatu. Amayi awo adali atamwalira mu 2003, ndipo achemwali awo onse adali atasiya kalekale nyembazo n'kuyamba kugula za m'mapaketi. Padziko lonse, monga momwe iwo ankadziwira, mbewu ya amayi awo idali njere 83 zimene zidali m'kapu ya tiyi.

Kunyumba sakadadzala. Mpopi udali kutali, ndipo nkhuku za eni nyumba zinkafukula chilichonse. Kusunga mpaka mvula kudali kuika pachiswe, poti anankafumbwe amasiya mazira mosaoneka. Adapita nazo kwa Tcheya.

"Ndikufuna bedi limodzi. Koma pamenepa sadyapo munthu."

"Ngakhale chitheba chimodzi, amama?"

"Ngakhale kununkhiza. Amene atchole chitheba, ndimutchola khutu."

Adadzala Loweruka pa 17 Juni, pabedi loyamba munthu akangolowa pachipata, chifukwa ndi pamene dzuwa linkafika m'mawa. Zidamera 79. Adazizikira mitengo, nazimangira zingwe za masaka akale, ndipo pofika mu Ogasiti bedilo lidali khoma lobiriwira lotalika kuposa munthu. Ophunzira anjala ankadutsa pamenepo akumeza malovu. Mmodzi adalemba pakathabwa kuti, "Nyemba za Anamasamba. Khutu lako lili m'manja mwako."

Loweruka pa 30 Seputembala Anamasamba adalengeza kuti bedi limenelo lisathiridwenso. Adawafotokozera anawo, zolembera zili m'manja, kuti nyemba yambewu imafuna kumva ludzu kumapeto kwake. Masamba achite chikasu, agwe, mtengo utumize mphamvu zake zonse kunjere. Ukathira madzi makoko atayamba kuuma, amachita nkhungu, ndipo njere zina zimamera zikadali m'khoko. Ukazula msanga, njere zimakwinyika ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse. Adawaonetsa mayeso ake: kuluma njere ndi dzino lakutsogolo. Dzino likasiya chipsera, sinakhwime. Likaterereka, yatheka. Adawerenga pazala, nati zidzatheka pa 21 Okutobala.

Patatha sabata, bedilo lidali lonyansa. Palibe mawu ena. Masamba adali achikasu ndi abulauni, obowokabowoka, akulendewera ngati nsanza zoiwalidwa pachingwe. Ndipo lidali pakhomo penipeni pa dimba.

Bwana woyang'anira malo ndi nyumba za yunivesite adali watsopano, wobwera mu Febuluwale. Sadali munthu woipa. Ankakonda mizere yowongoka, miyala yopakidwa laimu ndi nsapato zowala, ndipo msewu wa Anamasamba adauyamikirapo kawiri pamsonkhano. Lolemba pa 9 Okutobala adafika kudimba ndi kapitawo pambuyo pake, chifukwa Lachisanu pa 13 kunkabwera alendo a bungwe limene lidapereka thanki ndi mpanda. Adaima pachipata, nayang'ana bedi loyamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Nyemba, bwana," adatero kapitawo.

"Zafa. Anthu atipatsa thanki yamadzi, ndiye chinthu choyamba chimene aone ndi mbewu zofa ndi ludzu? Aganiza kuti madziwo timasamba. Muthire madzi usana wonse mpaka zitsitsimuke."

Anamasamba padalibe, adali kumsewu wawo.

Lachiwiri m'mawa, akukankha wilibala kupita kudzenje, adamva kaphokoso kachilendo, tsi-tsi-tsi. Pakati pa bedi lawo padali kachipangizo kowaza madzi kakuzungulira, ndipo makoko a m'munsi adali atanyowa kale. Wilibala idagwa cham'mbali. Mayi wa zaka 59 adathamanga monga sadathamangepo chimwalirire amuna awo. Adatseka mpopi, namasula kamutu kake kotsegulira, nakaponya m'thumba la yunifolomu. Kenako adayamba kugwedeza mitengo umodziumodzi kuti madzi agwe dzuwa lisadakwere.

Kapitawo adafika akupuma mofulumira.

"Alamu, bwezani kachitsuloko."

"Ndani anatsegula?"

"Ndine. Anandituma."

"Inu? Inu amene mwadya nyemba zimenezi m'nyumba mwanga kuyambira muli ndi tsitsi?"

"Tsitsi langa lisalowe m'nkhaniyi. Ndi katundu wa yunivesite ameneyo, alamu. Akuti mwaba."

"Adzandiseche yekha m'thumbamu ngati ali ndi mtima."

Mabedi ena onse adathiridwa ndi ndowa tsiku limenelo, madzi otunga kuthanki, ndipo Anamasamba adanyamula nawo ndowa khumi ndi ziwiri atamaliza kusesa, kuti asapezeke wonena kuti aumitsa dimba la anthu.

Lachitatu pa 11 adaitanidwa ku ofesi. Adali atasesa khonde la ofesiyo kangapo, koma sadakhalepo pampando wake. Bwana adawauza kuti akhale. Iwo adaima. Adatulutsa kamutu ka mpopi, nakaika padesiki, ndipo pambali pake adaikapo njere imodzi ya nyemba.

"Kachitsulo kanu ndi aka, sindinabe. Koma musanatsegule, lumani iyi."

"Mayi, ine sindinaitanire munthu kudzandidyetsa nyemba zosaphika."

"Lumani, bwana, muone kuti dzino lilowa. Zatsala ndi masiku khumi. Sizinafe. Zikugwira ntchito."

"Alendo sabwera patatha masiku khumi. Akubwera mkuja."

"Ndiye muwauze kuti ndi mbewu. Si ndizo anaperekera thanki? Kuti ana aphunzire kusunga mbewu yawo?"

"Alendo sabwera kudzamva nkhani. Amabwera ndi makamera." Bwana adakankha njereyo ndi cholembera. "Mphunzitsi wa zanthaka ali kumsonkhano kunja, sabwera mpaka mwezi utha. Malo ano woyankha ndine. Popeza madzi mwakana, mawa m'mawa bedilo lidulidwa, tiikepo miphika ya maluwa. Nyemba ndikugulirani kusitolo, paketi yonse, zabwino kuposa izi."

"Zimenezi kusitolo kulibe."

"Nyemba ndi nyemba, mayi." Adatsegula fayilo imene idali patsogolo pake, ndipo mawu ake adafewa. "Ndaona kuti mu Januwale mukwanitsa zaka makumi atatu. Mulibe kalata ngakhale imodzi. Musaononge zimenezi chifukwa cha ndiwo. Mawa mukasese msewu wanu, musayandikire kudimba. Mukayandikira, ndilemba."

Anamasamba adatola njere yawo, naibwezera m'thumba.

Madzulo a tsikulo adakhala pabalaza dzuwa likulowa, akuyang'ana msomali. Adali ataiona wotchiyo m'nyumba za anzawo awiri: yozungulira, ya mkombero wagolide, dzina lolembedwa pansi pa nambala sikisi. Adali atauza kale ana awo kuti adzapemphe tchuthi pa 4 Januwale, ndipo nsalu yodzavala idali kale kwa telala. Munthu wosesa saitanidwa kutsogolo kawirikawiri. M'zaka zonsezo adalowa mu holo yaikulu maulendo osawerengeka, koma nthawi zonse anthu atatuluka, kudzatola mapepala a maswiti. Adaganiza zopita m'mawa kwambiri kukathyola makoko okhwimirako pang'ono, apulumutse zochepa. Koma adali ataluma njere za m'munsi ndi za pamwamba, ndipo dzino linkalowa monse.

Lachinayi pa 12 adasesa msewu wawo wonse kuyambira ku laibulale mpaka kumalabu, mofulumira koma mosasiya tsamba, kuti pasadzakhale wonena kuti adathawa ntchito. Itakwana hafu pasiti seveni adatembenuza ndowa pakati pa mizere iwiri ya nyemba, nakhalapo, tsache lili pamiyendo.

Kapitawo adabwera ndi amuna atatu onyamula zikwakwa. Ataona mlamu wake, adavula chipewa, nadzikanda pamutu.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Kaya inu ndi asilikali anuwa?"

"Tadzuka. Tangobwera kudzameta pang'ono."

"Yambani ndi ine. Tsitsi langa lakula."

Amuna atatu aja adayang'ana pansi, mmodzi akubisa kuseka. Onse adali atadyapo ndiwo za m'dimbamo, ndipo mmodzi adalowa ntchito Anamasamba atamulankhulira.

"Alamu," kapitawo adatsitsa mawu, "ganizani za wotchi. Achimwene akadakhalapo akadati chiyani?"

"Akadati mng'ono wanga wakula, wayamba kudula mbewu za apongozi anga. Musawadzutse, agone."

Tcheya adafika akuthamanga, mabuku ali kukhwapa, ndipo pambuyo pake padali anzake oposa khumi amene adasiya kalasi ya eyiti koloko. Sadakuwe kapena kuimba. Adangolowa m'mizere, aliyense naima pafupi ndi mtengo wake, natsegula buku. Anamasamba adawakalipira kuti asagunde makoko, ndipo adawauza kuti amene alephere mayeso asadzanamizire nyemba.

Bwana adabwera itadutsa naini. Nsapato zake zidachita fumbi kuyambira pachipata.

"Kapitawo, ndinati chiyani dzulo?"

"Munati tidule, bwana."

"Nanga?"

"Zikwakwa zabuntha, bwana. Komanso muli anthu m'katimo. Chikwakwa chobuntha chimaterereka."

"Mayi, tulukanimo."

"Ndituluka pa 21," adayankha Anamasamba. Mawu awo sadakwere. "Ine, bwana, ndasesa masamba a pano musanayambe sukulu. Mwandiuza kusesa, ndasesa. Mwandiuza kutsuka ngalande, ndatsuka. Dothi limene alendo anu adzajambule mawa ndi langa, ndinalipanga ndi wilibala iyo. Sindinapemphepo kanthu. Lero ndikupempha masiku asanu ndi anayi, ndipo mukakana, ndiwatenga ndekha."

"Mukudziwa chimene ndichite?"

"Mulemba. Lembani. Cholembera ndi chanu, nyemba ndi zanga."

Tcheya adayamba kufotokoza za malamulo a dimba ndi zimene adalemba m'kalata yopempha thanki, koma bwana adakweza dzanja. Adayang'ana ophunzira, ena atatulutsa kale mafoni, nayang'ana wotchi ya pamkono pake. Matenti adali asadakhomedwe, mipando isadabwere. Kukoka mayi wachikulire pamaso pa ana onsewo, kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, sikudali chinthu chimene akadafuna kuti chijambulidwe.

Kapitawo ndiye adapeza njira. Adati kusitolo ya zipangizo kuli chinsalu chachikulu chimene chidagwira ntchito pachionetsero cha chaka chatha, chotalika mamita asanu ndi limodzi. Atachikhoma pamitengo kutsogolo kwa bedi, palibe mlendo angaone za kuseri. Bwana adavomera ndi mutu wokha, natembenuka. Kalata idafika isadakwane thwelofu. Idati Anamasamba adachotsa chipangizo cha yunivesite popanda chilolezo ndi kukana lamulo la owayang'anira pamaso pa ophunzira. Idatinso ikuwachenjeza, ikuwaimitsa ntchito milungu iwiri, ndipo m'masiku amenewo asapezeke pamalo a ntchito. Tcheya adawawerengera. Iwo adadikira mpaka msomali womaliza wa chinsalu utakhomedwa, nayang'ana ngati sichikutchinga dzuwa la m'mawa, nauza amuna aja kuti achisunthe phazi limodzi. Kenako adapinda kalatayo kanayi, napereka tsache kwa mlamu wawo, natuluka pageti lalikulu, osati la kumbuyo.

Za Lachisanu adazimva kwa Tcheya, amene adabwera kunyumba madzulo ndi khoko limodzi m'thumba. Pachinsalu chija padali chithunzi cha nyemba zobiriwira, zonenepa, zonyezimira mame, ndipo alendo adajambulitsa ataima patsogolo pake. Pamene mkulu wa alendo ankalankhula za kufunika kosunga mbewu za makolo, kudawomba mphepo, makoko ouma n'kuyamba kuchita phokoso kuseri kwa chinsalu, tsekeretsekere, mpaka iye adatembenuka kawiri. Ophunzira adaluma milomo. Anamasamba adaseka mpaka kupukuta misozi, kenako adasenda khoko lija, naluma njere. Dzino lidalowa.

"Bwerera nalo lina Lolemba," adatero.

Alendo atapita, palibe adakumbukanso za bedilo. Chinsalu chidachotsedwa Loweruka pa 14 pamodzi ndi matenti, ndipo tsikulo geti la kumbuyo silidatsegulidwe. Miphika ya maluwa idabwerera kumene idabwerekedwa. Chimene chidatsala ndi kalata m'fayilo. Tcheya ndi anzake adalemba dandaulo, nasainira anthu 140, ndipo yankho lidabwera loti nkhani za antchito si za ophunzira. Tcheya adabweretsa khoko Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Lachisanu pa 20 dzino lidaterereka.

Loweruka pa 21 Okutobala, sikisi koloko m'mawa, Anamasamba adaima pamzere wa pageti la kumbuyo pakati pa amayi a m'makwalala oyandikana. Adavala diresi lawo la maluwa, lichero lili pamutu, mabotolo opanda kanthu ali m'chikwama. Mlonda wa pageti, amene adagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, adatseka buku ndi dzanja.

"Anamasamba, mundichotsetsa ntchito. Kalata yanu inafika kuno. Akuti wantchito ameneyu asalowe."

"Wantchito uti? Ukuona yunifolomu?"

"Ayi, koma nkhope ndi yomweyo."

"Tawerenga chikwangwani icho. Chikuti dimba ndi la ndani?"

"La ophunzira ndi anthu ozungulira."

"Ine ndimakhala kuti?"

"Kuseri kwa chigayo."

"Ndiye ndazungulira. Patse cholembera."

Amayi a pamzere adaseka, wina nakuwa kuti mlonda afulumire dzuwa lisadawawotche. Mlondayo adayang'ana kumsewu wa maofesi, kumene Loweruka kudalibe galimoto ngakhale imodzi, natsegula buku. Anamasamba adalemba dzina lawo pang'onopang'ono, ndi zilembo zazikulu za kalasi yachinayi, pamzere wa khumi ndi chinayi.

Adathyola makoko ndi manja, osati kuzula, mtengo umodziumodzi. Makoko a m'munsi amene adanyowa Lachiwiri lija adali ndi nkhungu, ndipo adadzaza ndowa imodzi yopita kudzenje. Otsalawo adawayala pamasaka, nawapuntha ndi timitengo, napeta. Ophunzira adayeza pasikelo ya ku labu: makilogalamu anayi ndi magalamu mazana awiri. Adasakaniza njerezo ndi phulusa losefa. Pothira m'mabotolo padasowa fanulo yothirira, ndipo Anamasamba adapisa m'chikwama, natulutsa kalata ija, naipinda ngati chitsekerero chosongoka, nang'amba kunsonga. Pepala lidali lolimba bwino, la ofesi. Lidadzaza mabotolo onse osang'ambika.

Sadalole kuti mbewuyo ikhalenso pamalo amodzi. Mabotolo awiri adatsala m'kabati ya dimba, dzina ndi tsiku zitalembedwa ndi Tcheya. Timabotolo khumi ndi tisanu ndi tinayi tidapita m'nyumba za amayi a pamzere uja, aliyense atalonjeza kubweza kapu imodzi akakolola. Kapitawo, amene adabwera mochedwa atavala malaya a kutchalitchi ngati wongodutsa, adalandira kake.

"Izi n'zodzala, alamu, osati zokazinga."

"Ine ndinakupulumutsani ndi chinsalu, ndiye malipiro ake ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa?"

"Munatsegulanso mpopi ndinu. Ndachotserapo."

Adabwerera kuntchito Lachisanu pa 27 Okutobala, napeza masamba a milungu iwiri akuwadikira. Bwana ankawapatsa moni akakumana pamsewu, iwo n'kuyankha mwaulemu, ndipo za nyemba sadazitchulenso onse awiri. Mphunzitsi wa zanthaka atabwera adapita kukadandaula kumaofesi, koma adauzidwa kuti kalata ikalowa m'fayilo siituluka.

Lachinayi pa 4 Januwale 2018, mu holo yaikulu adaitanidwa anthu awiri, wophika ndi kalaliki wa ku laibulale. Anamasamba adasesa msewu wawo monga mwa masiku onse, naweruka nthawi yake. Nsalu ija adali ataitenga kale kwa telala, ndipo adaivala madzulo amenewo pakhomo pawo, poti idali yosokedwa kale. Kapitawo adabwera ndi buledi, akuyenda ngati munthu wopita kukapepesa maliro. Atalowa pabalaza adakweza maso. Pamsomali uja, pamwamba pa kalendala yatsopano, padali kathumba kansalu komangidwa pakamwa, ndipo m'kati mwake mudali botolo limene adadzisungira, la mbewu yodzadzala mu Juni, patali ndi chinyezi cha pansi, pamalo pamene mwini wake ankaliona akangotsegula chitseko.

Kapitawo adaliloza ndi chala.

"Ndiye wotchi yanu ndi imeneyi, alamu? Ikuti nthawi yanji?"

Anamasamba adanyamuka, nagwedeza kathumbako, njere n'kulira m'botolo.

"Ikuti mwachedwa ndi buledi, tiyi wazizira. Khalani pansi."

Adapuma pantchito kumapeto kwa Malichi chaka chomwecho. Loweruka pa 16 Juni adali pamzere wa pageti la kumbuyo, botolo lili m'chikwama, ndipo atalowa adakana bedi lachisanu limene ophunzira adawakonzera pakona yobisika. Adadzala pabedi loyamba, pakhomo penipeni.